NYIMBO YA MNYAMATA WA KU AMEREKA YOTHOKOZA AMAI ACHE

Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti, "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Kunena mwambi umenewu pa bwalo nkwapafupi, koma kuuchita nkobvuta, makamaka ngati mai wakoyo anakulakwirapo ndipo mudzi wonse udziwa za kulakwako. Mwezi uno tifuna kukusimbirani za mnyamata wina wa ku Amereka, dzina lache Tupac Shakur, amene m'chaka cha 1995 anatulutsa nyimbo yothokoza amai ache. Dzina la nyimboyo ndi "Dear Mama", ndiko kunena kuti "Amai Okondedwa", monga momwe tiyambira kalata.

Nyimbo zotama amai ziripo zambiri pa dziko lapansi, ndipo zambiri mwa izo zinena zabwino zokhazokha. Nyimbo ya Tupac inasiyana nazo pa chinthu chimodzi. Iye sanabise zolakwa za amai ache, ndiponso sanabise zolakwa za iye mwini, koma anawathokozabe. Kuti timvetse bwino, tiyenera kuyamba tadziwa mtundu wa nyimboyo ndi mbiri ya anthu awiriwa.

KODI HIP-HOP NCHIANI?

Hip-hop ndi mtundu wa nyimbo umene unayambira mu mzinda wa New York, m'dera lochedwa Bronx, kumene kunali kukhala anthu akuda ambiri osauka. Anthu ambiri awerengera chiyambi chache kuchokera pa 11 August 1973, tsiku limene mnyamata wina wobadwira ku Jamaica, wodziwika ndi dzina lakuti DJ Kool Herc, anaimbitsa mbale za galamafoni pa phwando la anyamata ndi atsikana. Iye anaona kuti obvina anali kusangalala koposa pa malo pamene woimba waleka ndipo ng'oma zokha ziri kulira. Tsono anatenga mbale ziwiri za nyimbo imodzimodzi, nazisinthanitsa pa magalamafoni awiri, kotero kuti malo a ng'oma aja anali kubwera kawirikawiri osatha msanga.

Pamwamba pa ng'omazo anyamata anayamba kulankhula mau ogwirizana mamvekedwe, motsata kugunda kwa ng'oma. Kulankhula kotereku ndiko kumene achitcha rap. Munthu wochita rap saimba mokoka mau monga achitira a kwaya ku tchalitchi. Iye alakatula ndakatulo mofulumira. Chifukwa cha ichi nyimbo imodzi ya rap itha kunyamula mau ambiri, ndi kusimba mbiri yonse ya munthu mu mphindi zinai kapena zisanu. Amai a kumudzi adziwa kuti pa mtondo munthu atha kuimba dandaulo limene sangathe kulinena pamaso pa mwamuna wache kapena apongozi ache. Anyamata a m'mizinda ya ku Amereka anapeza mpata wotere mu rap.

MAI AFENI SHAKUR

Amai ache a Tupac anabadwa pa 10 January 1947 ku Lumberton, m'chigawo cha North Carolina. Masiku amenewo malamulo a zigawo za kumwera kwa Amereka anali kupatula anthu akuda ndi azungu m'masukulu, m'mabasi ndi m'malo odyera. Ali ndi zaka 11 anasamukira ku Bronx pamodzi ndi amai ao. Mu 1968 analowa chipani cha anthu akuda chochedwa Black Panther Party, chimene chinayamba mu 1966 ku Oakland, m'chigawo cha California. Chipanichi chinali kutsutsa nkhanza za apolisi ndi kudyetsa ana osauka chakudya cha m'mawa kwaulere. Koma ena a m'chipanimo anali kuyenda ndi mfuti poyera, ndipo Boma la Amereka linachiyesa chipani choopsya.

Mwezi wa April 1969 apolisi a ku New York anaimba mlandu anthu 21 a chipanichi, ndipo mmodzi wa iwo anali Mai Afeni, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 22. Mlandu wache unali wakuti anapangana kuphulitsa mabomba ku nyumba za apolisi ndi ku masitolo akulu. Ukanawatsutsa mlanduwo, akanakalambira m'ndende.

Pano Mai Afeni anachita chinthu chodabwitsa. Ngakhale sanaphunzire za malamulo, anakana loya, nasankha kudziimira okha pa bwalo. Iwo eni anafunsa mafunso mboni za Boma. Wapolisi wina amene analowa m'chipanimo mwachinsinsi monga kazitape anabvomera pamaso pa woweruza kuti sanawaonepo ataphulitsa kanthu, koma kuti anawaona ali kugwira nchito zothandiza anthu. Mlanduwo unatenga miyezi isanu ndi itatu. Chakumapeto kwache Mai Afeni anali ndi pakati, ndipo miyezi ina ya pakatipo anaithera m'ndende ya akazi. Pambuyo pache anasimba kuti anachita kupempha bwalo kuti azilandira dzira limodzi ndi mkaka tsiku liri lonse chifukwa cha mwana amene anali m'mimba.

Ku Amereka mlandu waukulu ugamulidwa ndi anthu wamba 12 osankhidwa kuti amve umboni wonse. Mwezi wa May 1971 anthu amenewa anapeza kuti Mai Afeni ndi anzao onse amene anazengedwa nao analibe mlandu. Patapita mwezi umodzi, pa 16 June 1971, mwana wamwamuna anabadwa. Amai ache anamutcha Tupac Amaru, dzina la mfumu ya ku Peru imene inaukira ulamuliro wa anthu a ku Spain mu 1780, niphedwa mu 1781.

UBWANA WA UMPHAWI

Atatuluka m'ndende, Mai Afeni anagwira nchito yothandiza maloya a anthu osauka ku Bronx kwa zaka zingapo. Mu 1975 anabala mwana wamkazi. Atate ache a Tupac sanamlere mwanayo, chotero katundu yense wa pa banja anali pa mutu pa mai yekha. Nchito itatha, banjalo linali kusamukasamuka, ndipo nthawi zina linali kugona kwa abale kapena ku nyumba zosungira anthu osowa pokhala.

Komabe Mai Afeni anaonetsetsa kuti mwana wao akonde mabuku. Mu 1984 Tupac anachita nao sewero lochedwa "A Raisin in the Sun" m'nyumba yotchuka ya masewero ya Apollo ku Harlem. Banja litasamukira ku Baltimore, mtunda wa mailosi pafupifupi 200 kuchokera ku New York, mnyamatayo analowa sukulu ya zaluso yochedwa Baltimore School for the Arts. Kumeneko anaphunzira ndakatulo, magule ndi masewero a Shakespeare. Koma mu 1988, asanatsirize sukuluyo, banja linasamukanso kunka ku Marin City, pafupi ndi San Francisco, ulendo wa mailosi oposa 2,000.

M'zaka zimenezi Mai Afeni anagwa m'bvuto lalikulu. M'mizinda ya ku Amereka munafalikira mankhwala ozunguza bongo ochedwa crack. Mankhwalawa apangidwa kuchokera ku cocaine, amene achokera ku masamba a chitsamba china cha ku South America. Munthu awasuta monga fodya. Kukoma kwache kutha m'mphindi zowerengeka, ndipo pomwepo munthuyo afunanso ena, mpaka agulitsa za m'nyumba ndi kuiwala ana ache. Popeza mtengo wache unali wotsika, anaononga mabanja ambiri a anthu osauka. Mai uja amene anagonjetsa maloya a Boma pa bwalo anagonjetsedwa ndi mankhwala amenewa.

Mai ndi mwana anayambana. Tupac anachoka pa nyumba ali ndi zaka 17, nakakhala kwa anzache, ndipo kwa nthawi ndithu awiriwa sanali kulankhulana. Mu 1990 mnyamatayo anapeza nchito yonyamula katundu ndi kubvina m'gulu la oimba lochedwa Digital Underground, ndipo mu 1991 anatulutsa chimbale chache choyamba. Chaka chomwecho Mai Afeni anabwerera ku New York, nalowa m'gulu la anthu othandizana kuleka mankhwala. Analekadi, ndipo pang'ono ndi pang'ono mai ndi mwana anayanjananso.

ZIMENE NYIMBOYO INENA

Nyimbo ya "Dear Mama" iri ndi ndime zitatu, ndipo m'ndime zonsezo mwana alankhula ndi amai ache maso ndi maso. Sitilemba mau ache muno, koma tingofotokoza nkhani zimene ziri m'katimo.

Choyamba, mnyamatayo adziweruza yekha. Akumbukira kusamvera kwache ku sukulu ndi pa nyumba, kuyenda ndi anyamata oipa, ndi mabvuto amene anabweretsera amai ache. Abvomera kuti iye ndi mlongo wache anali kuimba mlandu amai ao pa mabvuto onse a pa nyumba, chifukwa mwana saona kumene chakudya chichokera.

Chachiwiri, anena za atate amene sanaoneke. Afotokoza kuti mwana wosowa atate afuna chikondi kuli konse kumene angachipeze, ndipo iye anachipeza kwa anyamata ogulitsa mankhwala m'misewu. Abvomeranso kuti iye mwini analowa nao malonda oipawo pofuna ndalama. Ichi chiri chomvetsa chisoni, pakuti malonda amenewo ndiwo anali kudya amai ache.

Chachitatu, atchula poyera kuti amai ache anali kusuta crack. Apa mpamene anthu ambiri anadabwa, chifukwa mwana sakonda kuulula manyazi a kholo lache pa wailesi. Koma sanatchule ichi kuti awanyoze iai. Pa malo omwewo awalemekeza, nanena kuti ulemu wao sunachoke m'maso mwache ngakhale pa masiku oipawo. Kenaka akumbukira zinthu zazing'ono: mai wobwera ku nchito usiku atatopa koma nkuphikabe chakudya chotentha, mai wodziwa kudyetsa ana ndi zochepa zimene zinalipo, mai wochita chiri chonse kuti mwana asangalale pamene adwala. Mfundo ya nyimbo yonse ndi yakuti mwana sangathe kubwezera zonse zimene analandira, koma angathe kuonetsa kuti tsopano wamvetsa.

M'MENE INAPANGIDWIRA

Oimba a hip-hop ali ndi mwambo wotenga kachidutswa ka nyimbo yakale ndi kumangapo nyimbo yatsopano, monga munthu amanga nyumba yatsopano ndi mitengo yolimba ya nyumba ya makolo. Lamulo lifuna kuti mwini nyimbo yakaleyo abvomere ndi kulandira gawo lache. Amene anakonza nyimbo ya "Dear Mama" anali Tony Pizarro. Maimbidwe ofatsa amene amveka pansi pa mau anawatenga ku nyimbo ya Joe Sample ya mu 1978, yochedwa "In All My Wildest Dreams". Polandizana anatengera nyimbo yochedwa "Sadie", imene gulu la The Spinners linaimba mu 1974. Nyimbo ya "Sadie" nayonso iri ya mwana wokumbukira amai ache, ndipo anthu a msinkhu wa Mai Afeni anali kuidziwa bwino. Motero akulu amene anali kudana ndi phokoso la rap anamvamo mau a masiku a unyamata wao, natchera khutu.

INATULUKA MWINI ALI M'NDENDE

Sitingakusimbireni nkhaniyi moona ngati tibisa mbali yache yoipa. Tupac sanali mnyamata wofatsa. Nyimbo zache zina ziri ndi mau otukwana ndi otama chiwawa, ndipo anamangidwapo kangapo. Pa 30 November 1994 anthu anamuombera ndi mfuti ku New York, koma anapulumuka. Tsiku lotsatira bwalo linampeza wolakwa pa mlandu wochita zachipongwe kwa mkazi wina. Iye anaukana mlanduwo, koma mwezi wa February 1995 analamulidwa kukakhala m'ndende.

Nyimbo ya "Dear Mama" inatuluka pa 21 February 1995, mwini wache ali m'ndende. Mwana amene anakhala m'ndende asanabadwe anabwereramo ali ndi zaka 23. Pojambula kanema wa nyimboyo, Mai Afeni anaonekamo iwo eni ali kuyang'ana zithunzi zakale za mwana wao, ndipo munthu wina anachita kuimira Tupac.

Ku Amereka kuli nyuzipepala yochedwa Billboard imene sabata iri yonse iwerengera nyimbo 100 zokondedwa koposa m'dziko lonselo. Nyimboyi inafika pa nambala 9, ndipo pa mndandanda wa nyimbo za rap zokha inakhala pa nambala 1. Pofika mwezi wa July 1995 makope ache otumizidwa ku masitolo anakwana 1,000,000. Chimbale chonse m'mene munali nyimboyi, chochedwa "Me Against the World", chinatuluka pa 14 March 1995, nichiyambira pa nambala 1. Aka kanali koyamba kuti chimbale cha munthu wokhala m'ndende chichite chotero.

IMFA YA MWANA NDI NCHITO YA MAI

Tupac anatuluka m'ndende pa belo mwezi wa October 1995, poyembekeza kuti bwalo lalikulu limvenso mlandu wache. Pa 7 September 1996 anamuomberanso ali m'galimoto mu mzinda wa Las Vegas. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi limodzi, amai ache ali pomwepo, ndipo anamwalira pa 13 September 1996 ali ndi zaka 25. Kuchokera tsiku limene nyimboyo inatuluka mpaka tsiku la imfa yache sipanakwane miyezi 19.

Mai Afeni anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 20 mwana wao atapita. Mu 1997 anayambitsa kampani ya Amaru Entertainment yosamala nyimbo zimene mwana wao anasiya, ndiponso bungwe la Tupac Amaru Shakur Foundation lophunzitsa ana ndakatulo, masewero ndi magule. Anali kuyenda m'masukulu ndi m'misonkhano kulankhula ndi achinyamata, osabisa za masiku ao a mankhwala. Anamwalira pa 2 May 2016 m'chigawo cha California, ali ndi zaka 69.

Asanamwalire anaona ulemu wina waukulu. Mu mzinda wa Washington muli nyumba ya mabuku ya Boma yochedwa Library of Congress, imene chaka chiri chonse isankha nyimbo ndi mau ojambulidwa 25 oyenera kusungidwa chifukwa cha mibadwo ya m'tsogolo. Mu 2010 nyumbayi inalengeza kuti "Dear Mama" iri m'gulu limenelo. Boma limene linafuna kuwatsekera m'ndende moyo wao wonse linasunga nyimbo yowatama. Mu 2023 kunatulukanso kanema wa zigawo zisanu wosimba mbiri ya mai ndi mwana, wokonzedwa ndi Allen Hughes, ndipo dzina lache linali lomwelo la nyimboyo.

TIPHUNZIRAPO CHIANI?

Sitinalembe nkhaniyi kuti anyamata atsanzire moyo wa Tupac. Moyo wa mfuti ndi ndeu unamfikitsa ku manda asanakwatitse nkomwe mwana. Koma pa chinthu chimodzi ichi anachita bwino, ndipo tonse tingatengepo nzeru.

Ena a ife tiganiza kuti kulemekeza kholo ndiko kunamizira kuti silinalakwe konse. Ena tiganiza kuti kholo likalakwa, ngongole yathu kwa ilo yatha. Njira zonse ziwirizi nzosokera. Alipo ana amene amai ao anali kumwa mowa mopitirira, kapena anawasiya kwa agogo nakakwatiwa kwina, kapena anali aukali chifukwa cha umphawi. Chilonda chotere nchenicheni, ndipo sichipola pochiphimba ndi nsanza. Koma mai yemweyo ndiye ananyamula mwanayo miyezi isanu ndi inai, namberekera ku msana, nagona ndi njala masiku ena kuti mwana adye. Munthu wamkulu ayenera kutha kusunga zonse ziwiri mu mtima mwache. Nyimbo ya "Dear Mama" yakhala zaka zonsezi chifukwa ana a amai osakhala angwiro, amene ali ambiri, anamvamo mbiri yao.

Chinanso nchakuti Tupac sanadikire maliro. Ambiri tisunga mau athu abwino kufikira tsiku loika munthu m'manda, pamene mwini wache sangathenso kumva. Timayesa kuti nthawi ikalipo chifukwa amai akali olimba, kapena chifukwa ife tikali ana. Pa nkhani iyi woyamba kupita anali mwana. Akanazengereza zaka ziwiri zokha, amai ache akanatsala ndi mbiri ya mikangano, ndende ndi mfuti basi.

Kwa amai amene agwidwa ndi mowa kapena chamba, mbiri ya Mai Afeni ionetsa kuti munthu atha kuleka ngakhale wafika patali. Iwo sanaleke okha m'nyumba. Anapita kwa anzao amene anali pa nkhondo yomweyo, nabvomera bvuto lao poyera.

MAU KWA APHUNZITSI

Aphunzitsi angathe kuwerengera ana a makalasi apamwamba nkhaniyi, ndi kuwapempha kuti ali yense alembe kalata kapena ndakatulo kwa amai ache, kapena kwa agogo, azakhali, kapena munthu ali yense amene amlera. Awauze kuti asalembe mau okometsera amene anamva kwina. Mwana alembe chinthu chimodzi chenicheni chimene anachiona ndi maso ache, monga tsiku limene amai anagulitsa nkhuku kuti amgulire makope, kapena usiku umene anamnyamula kunka naye ku chipatala. Akatha kulemba, kalatayo isatsale m'kabati ya mphunzitsi. Mwanayo apite nayo kwao, ndipo ngati amai ache sadziwa kuwerenga, awawerengere yekha madzulo.

Ndipo inu awerengi amene muli kutali ku nchito, amene amai anu akali moyo kumudzi, kodi munawalembera liti kalata, kapena kuwaimbira lamya? Musayembekezere mwezi wa mawa.